Nsanja ya Mfumu ndi Mabafa a ku Tidziwane

M'dziko la Mvereni, kumene mvula ikagwa ankathokoza Mfumu ndipo ikakana ankadzudzula maiko oyandikana nawo, munali mzinda waukulu wotchedwa Mpandouli. Kumapeto kwa mzindawo, kutsidya kwa kamtsinje ka Tayamo, kunali dera la Tidziwane. Dzinali silinkanama. Nyumba za kumeneko zinali zothithikana moti munthu akayetsemula m'chipinda mwake, womuuza kuti "pepani" ankakhala wa nyumba yachitatu.

Ku Tidziwaneko kunkakhala Mayi Nasibeko, katswiri wophika thobwa. Anthu ankachokera kutali kudzamwa thobwa lawo pamsika, ndipo ena ankati mayiwa ali ndi chizimba. Chizimba chake chinali dzuwa basi. Ankayanika chimera pamphasa kuseri kwa nyumba yawo, kumene dzuwa linkafika m'mamawa n'kuchokako madzulo, popeza nyumbayo inali kumalire ndi bwalo lalikulu lopanda kanthu. Pabwalopo ana ankamenyerapo mpira, amayi ankayanikapo ufa, ndipo maliro ndi maukwati onse a ku Tidziwane ankachitikira pomwepo.

Amuna awo, Bambo Dzimbiri, anali mesenjala wopuma ntchito. Anatumikira boma zaka makumi atatu, ndipo chimene anatuluka nacho ndi nsapato zolimba ndi chikhulupiriro chakuti wailesi sinama.

Chaka chimenecho Mfumu Mwandiona Wachinayi, Mkango Wosagona, Mwini Tsitsi Losachita Imvi, anapita kukacheza kunja. Kumeneko anaona nyumba zazitali moti poziyang'ana chisoti chachifumu chinagwera m'ngalande. Atabwerera kwawo anaima pakhonde la nyumba yachifumu, n'kuona mzinda wake wonse uli chigwadire ngati mbuzi zomwa madzi. Anaitanitsa nduna zonse.

"Dziko langa ndi lalifupi," inatero Mfumu.

Nduna zinaomba m'manja kwa mphindi khumi. Kenako zinagwirizana kuti zinali zitaona kale vutoli, kungoti zinkadikira kuti Mwini Dziko alione kaye. Tsiku lomwelo kunakhazikitsidwa Unduna Woona za Kutalika kwa Zinthu, ndipo udindowo unapatsidwa kwa Wolemekezeka Chikweza, munthu amene pokwera galimoto ankachita kumuikira njerwa.

Sabata isanathe, Nasibeko anadzuka m'mawa kukayala mphasa zake, n'kupeza chikwangwani chachikulu chazikidwa pabwalo paja. Anaitana amuna awo.

"Bambo a Tiyese, tabwerani mudzandiwerengere. Maso angawa mwina akundinamiza."

Bambo Dzimbiri anavala magalasi nawerenga mokweza ngati ali pa perete: "Pano pamangidwa Nsanja ya Mwandiona. Nyumba zosanjikizana kasanu ndi kawiri. Mabanja makumi anayi ndi awiri. Anthu a ku Tidziwane akondwera kwambiri."

"Takondwera liti?" anafunsa Nasibeko.

"Ngati alemba, ndiye kuti tinakondwera, mayi. Boma silingawononge penti pachabe."

Nasibeko anayang'ana kumwamba, kuyerekeza pamene padzathere nyumba yachisanu ndi chiwiri. Kenako anatsitsa maso n'kuyang'ana bafa lawo. Linali bafa ngati mabafa onse a ku Tidziwane: mpanda wa udzu, mwala wopondapo, chiguduli pakhomo, ndipo denga lake linali thambo la Mulungu.

Lachitatu kunachitika msonkhano womva maganizo a anthu. Nduna Chikweza inakhala m'tenti ndi akuluakulu anzake, anthu n'kukhala padzuwa. Itaimirira pabokosi lomwe anaiikira, Nduna inatulutsa pepala m'thumba.

"Anthu a ku Tidziwane, boma la Mwini Dziko ndi boma lomva. Tabwera kudzamva maganizo anu. Maganizo anuwo ndi awa." Inawerenga pepala lonse, momwe munali mawu akuti anthu a ku Tidziwane akhala akulira usana wonse kupempha nsanja. Itamaliza inapinda pepalalo, ndipo mwina chifukwa cha kutentha, inalakwitsa n'kufunsa kuti, "Pali funso?"

Nasibeko anaimirira, nakonza chitenje. Bambo Dzimbiri anawakoka m'mphepete mwa nsalu, koma zinali ngati kukoka mtengo wa mbawa.

"Zikomo Wolemekezeka. Ife nyumba sitikuzikana ayi. Anthu akusowadi pokhala. Mwana wanga yemwe, Tiyese, akugona chipinda chimodzi ndi ana anayi, wina mutu uli panja. Koma ndili ndi tinthu titatu. Choyamba, mabafa athu alibe madenga. Mabanja makumi anayi ndi awiri akakhala m'mwambamo, ife tizisamba bwanji? Chachiwiri, chinyumbacho chititchingira dzuwa, ndipo chimera sichiuma ndi mawu. Chachitatu, mjigo tili nawo umodzi, ndipo panopa pomwe timamenyanirapo ndi zidebe."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Nduna inayang'ana mlembi wake, mlembi n'kuyang'ana pansi, popeza mafunsowo munalibe m'pepala.

"Mayi," inatero Nduna pomaliza, "mafunso anu akwera kumwamba. Mayankho atsika."

Anatsikadi. Loweruka m'mawa, msika uli pakati, kunabwera galimoto ya chimkuzamawu n'kuima pafupi ndi benchi la Nasibeko. Munthu wa mawu okhuthala analengeza malamulo atatu atsopano a Mwini Dziko.

Lamulo loyamba linati aliyense wodzakhala m'nsanjamo azidzayang'ana kumwamba kokha, ndipo wopezeka akuyang'ana pansi adzaimbidwa mlandu wosowa chitukuko. Pofuna kuthandiza lamuloli, nzika za ku Tidziwane zizisamba zitafunda ambulera. Lamulo lachiwiri linaletsa mthunzi wa nsanjayo kugwera ku Tidziwane. Mthunziwo unalamulidwa kuti uzigwera kumtsinje m'mawa ndi madzulo omwe, ndipo ukadzapezeka pakhomo pa munthu udzamangidwa. Lamulo lachitatu linakweza mjigo wa ku Tidziwane pa udindo, kuti kuyambira tsiku limenelo uzitchedwa Dziwe Lalikulu la Ufumu, motero madzi ake akwanira aliyense.

Galimoto itachoka, woyamba kuyankhula anali Che Sumaili, mmisiri wokhoma zidebe, amene shedi yake inali moyang'anizana ndi benchi la thobwa.

"Mayi Nasibeko, tandithandizani masamu. Dzanja ili ambulera. Dzanja ili sopo. Nanga madziwo azidzithira okha?"

"Muziitana Nduna idzakugwirireni ambulera," anayankha mayi wina wogulitsa tomato. "Koma muiikire njerwa."

"Ine chikundidetsa nkhawa ndi mthunziwo," anapitiriza Che Sumaili, uku akukhoma chidebe. "Akaumanga akautsekera kuti? M'selo muli kale mdima. Akaudziwa bwanji kuti sunathawe?"

Msika wonse unafa ndi phwete. Nasibeko anaseka nawo, koma kuseka sikufolera bafa. Atabwerera kunyumba anapeza amuna awo atatulutsa kale ambulera yakale ya ku ntchito, akuisoka pomwe inang'ambika.

"Lamulo ndi lamulo, mayi," anatero Bambo Dzimbiri osadzutsa mutu.

Anthu a ku Tidziwane anayesa zimene akanatha. Analemba kalata, onse n'kudindapo zala, ndipo anakaiponya m'bokosi la madandaulo la ku Unduna. Bokosilo linali lopanda pansi, ndipo kunsi kwake kunkakhala mbuzi ya mlonda, yonenepa kuposa mbuzi zonse za mu Mpandouli. Anatumiza nthumwi zitatu, zomwe zinadikira pabenchi masiku awiri n'kubwerako ndi kalendala ya chithunzi cha Mfumu.

Kenako Nduna Chikweza inaganiza zokometsera mwambo woika mwala wa maziko. Inalamula kuti pabwalo paja pamangidwe chinsanja cha mitengo ya bulugamu, chotalika ndendende ngati nyumba yodzamangidwayo, kuti patsikulo Mwini Dziko adzakwere n'kuona ufumu wake ali pamwamba. Amisiri anagwira ntchito masabata awiri, ndipo onse anasanduka makasitomala a thobwa la Nasibeko.

Tsiku lina cha m'ma teni koloko, kapitawo wa amisiriwo, Bambo Kaliwo, anakuwa ali pamwamba penipeni.

"Mayi a thobwa! Tikatsika ndi kukweranso, dzuwa lilowa! Palibe angatibweretsere kuno?"

Nasibeko anayang'ana makwerero aja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, ndipo chinthu chachitali chimene anakwerapo pamoyo wawo chinali nkhokwe. Koma mtima unkafuna kudzionera wokha chimene anthu a m'mwambamo adzaone. Anamanga chitenje mwamphamvu, anabereka chigubu kumsana ngati mwana, n'kuyamba kukwera. Pa nsanja yachitatu anasiya kuyang'ana pansi. Pa yachisanu anakumbukira machimo awo onse n'kuwalapa limodzi limodzi. Atafika pamwamba anakhala pathabwa, nagwira mtengo ndi manja awiri, maso ali chitsinzire.

Atatsegula maso bwinobwino, Tidziwane yense anali pansi pawo ngati nyemba palichero. Anaona mabafa onse ali yasa! Ndipo m'bafa lawo lomwe munali Bambo Dzimbiri, thovu thupi lonse, akulimbana ndi ambulera imene mphepo inali itaitembenuza, uku akuimba nyimbo ya m'buku.

"Mayo ine," anatero Nasibeko, natembenuka msanga kuti asaonenso.

Potembenukapo maso awo anagwera kutsidya la mtsinje, pakaphiri pamene panali nyumba yachifumu. Mpanda wake unali wautali kuposa mipanda yonse m'dzikomo, ndipo palibe munthu wamba amene anaonapo za m'kati mwake. Koma kuchokera pamwamba apa, kuseri konse kwa nyumbayo kunkaoneka ngati pachikhatho.

Pakampando kakafupi panakhala bambo wina wonenepa, atavala vesiti yobooka pamimba, mapazi ali m'beseni lobiriwira. Mutu wake unali mbee ngati thonje. Kumbuyo kwake kunaima mayi wamkulu, akumupaka zakuda m'mutumo ndi mswachi, ndipo bamboyo akati agwedezeke, mayiyo ankamugogoda ndi mswachi womwewo. Atamaliza anamuloza dengu la zochapa. Bamboyo anadzuka, n'kuyamba kuyanika zitenje pachingwe, chimodzichimodzi, mayi uja akumubweza pomwe wayanika mokhota.

Nasibeko anapukuta m'maso. "Bambo Kaliwo, kodi amene aja si..."

"Sitinaone kanthu, mayi," anatero kapitawoyo, akumwa thobwa atafulatira nyumba yachifumu. Amisiri onse analinso chofulatira. "Ife takhala tisakuona kanthu kwa masiku asanu tsopano. Dzulo sitinaone akusenda mbatata. Tili ndi ana, mayi."

Nasibeko anatsika pang'onopang'ono. Pofika pansi mantha onse anali atatha, ndipo anali kumwetulira okha ngati munthu watola nkhuku yosochera.

Tsono m'dziko la Mvereni kudandaula pamaso pa Mfumu kunali koletsedwa, koma kuthokoza kunali ndi tsiku lake. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse anthu ankaloledwa kulowa m'bwalo lachifumu kukathokoza Mwini Dziko pa chilichonse chimene wachita, ngakhale chimene akuganiza zodzachita. Nasibeko anakalembetsa dzina. Bambo Dzimbiri atamva anasangalala kwambiri moti anawasitira okha chilundu.

"Mwaona, mayi? Mapeto ake munthu amazindikira ubwino wa boma."

Bwalo lachifumu linadzaza. Mfumu Mwandiona anakhala pampando wagolide, tsitsi lili bii ngati khala, chisoti chikunyezimira. Kumanja kwake kunakhala Mfumukazi, ndipo Nasibeko anaidziwa nkhopeyo nthawi yomweyo. Anthu anathokoza motsatizana. Wina anathokoza chifukwa cha mlatho umene unalonjezedwa, ponena kuti lonjezolo lakhala lolimba zaka khumi osagwa. Wina anathokoza kuti maenje a mumsewu wa kwawo tsopano akusunga madzi a abakha. Kenako anaitana dzina la Nasibeko wa ku Tidziwane. Nduna Chikweza inasuntha pampando.

Nasibeko anagwada, naomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo Mwini Dziko, Mkango Wosagona. Ine ndabwera kudzalapa. Poyamba nsanja ija ndinkaikana, chifukwa cha umbuli. Koma dzana ndinakwera pamwamba pake kukapereka thobwa, ndipo maso anga anatseguka."

Nduna Chikweza inapumira m'mwamba, n'kuyamba kugwedeza mutu monyadira.

"Ife anthu wamba timakuonani kamodzi pamwezi, Mwini Dziko, mwinanso pakalendala. Koma odzakhala pamwamba paja ndi odala. Azidzakuonani tsiku ndi tsiku, m'mawa uliwonse, kuseri kwa nyumba yanu komwe. Mabanja makumi anayi ndi awiri, ndi ana awo, ndi alendo awo ochokera kumudzi. Inetu ndinangoima kanthawi kochepa, koma ndinadalitsika. Beseni lobiriwira lija ndi lokongola, Mwini Dziko. Ndipo ndikauza amayi a kwathu kuti m'dziko lonse lino mulibe munthu woyanika zitenje mowongoka ngati..."

"Zikomo, mayi!" inakuwa Mfumu. Dzanja lake linapita lokha kumutu n'kukankhira chisoti pansi mpaka m'makutu. "Mwathokoza mokwanira! Kuthokoza kwa lero kwathera pomwepa!"

Nduna zinkayang'anizana, posadziwa ngati nkhaniyi ndi yoombera m'manja. Mfumukazi yokha ndi imene inabisa pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

"Koma pali lamulo, Mwini Dziko," inalowererapo Nduna Chikweza, thukuta lili kamukamu. "Okhala m'mwambamo azidzayang'ana kumwamba kokha."

"Iwe Chikweza," inatero Mfumu motsitsa mawu, "unayamba waonapo munthu wa m'dziko lino akumvera lamulo pamene palibe womuona?"

Madzulo a tsiku lomwelo chinsanja cha mitengo chija chinagwetsedwa. Bambo Kaliwo ndi anzake anachigwetsa mofulumira kuposa momwe anachimangira, onse akuyang'ana kumbali. Lolemba galimoto ya chimkuzamawu inabweranso pamsika.

Inalengeza kuti Mwini Dziko, atasinkhasinkha mozama, waona kuti maiko ena onse amamanga nsanja zawo choimirira chifukwa chosowa nzeru zatsopano. Dziko la Mvereni silitsanzira munthu. Choncho Nsanja ya Mwandiona idzakhala nsanja yoyamba padziko lonse lapansi kumangidwa chogona. Nyumba zonse zisanu ndi ziwiri zidzakhalapo ndithu, kungoti m'malo mosanjikizana zidzatsatizana, kuyambira m'mphepete mwa bwalo, kutsata msewu, mpaka kumalo kumene Unduna unkasungirako magalimoto akufa. Ndipo popeza nsanja yotchuka chonchi singamwe pa Dziwe limodzi, padzakumbidwa Maiwe ena awiri.

Che Sumaili anaika hamala pansi. "Mayi Nasibeko, nsanja yogonayo, kwathu timaitcha mdadada."

"Khalani chete, Che Sumaili," anatero Nasibeko akuwathirira thobwa. "Mungaidzutse."

Ntchito inatenga chaka ndi miyezi, monga mwa mwambo wa ku Mvereni, koma inatha. Theka la bwalo linatsala, ndipo ana anangosuntha magoli awo. Pa tsiku lotsegulira, Mfumu inadula riboni pakhomo la nyumba yoyamba, imene inalembedwa kuti Pansi. Kenako inalengeza kuti ikwera mpaka pamwamba popanda wothandiza. Inayenda m'mbali mwa mdadadawo, kudutsa Nsanja Yachiwiri, Yachitatu, Yachinayi, nduna zikutsatira pambuyo zikupuma wefuwefu ngati zikukwera phiri. Pa Yachisanu Nduna Chikweza inapempha madzi, ponena kuti mpweya wa m'mwamba ndi wochepa. Atafika kumapeto, pafupi ndi magalimoto akufa aja, Mfumu inaika dzanja pamphumi n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Anthu akuoneka ang'onoang'ono kuchokera kuno," inatero.

Anthu amene anaima pafupi anapinda mawondo pang'ono kuti Mwini Dziko asaname.

Mabanja analowa m'nyumbazo mwezi womwewo. Ambiri anali achibale a nduna, monga zimakhalira, koma zipinda zinachuluka kuposa achibalewo, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi amisiri angapo anapezako malo. Ana awo anayamba kumenya mpira ndi ana a ku Tidziwane tsiku loyamba lomwe, n'kuyambana tsiku lachiwiri, n'kugwirizananso lachitatu.

M'mawa wina Nasibeko ali kuseri kwa nyumba, anamva "odi" pakhomo. Anali mayi wachitsikana, wovala yunifolomu ya unamwino, atanyamula kambale.

"Pepani amayi, ndine mlendo kuno, dzina langa ndine Nachanza. Ndimakhala ku Nsanja Yachisanu ndi Chiwiri. Mchere wandithera ndiwo zili pamoto, ndiye ndati nditsike ndidzapemphe kwa anansi."

"Mwatsika kuchokera pamwamba penipeni?" anafunsa Nasibeko. "Ndi nsapato zimenezo? Khalani pansi mwanawe, mupume kaye."

Anamuthirira mchere m'kambale, namupatsanso kapu ya thobwa lozizira. Namwinoyo anamwa, nathokoza, n'kunyamuka. Nasibeko anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo anaima pomwepo akumuyang'ana akuyenda panjira yosalala ngati mphasa.

"Mukwere bwino, mwana wanga!" anakuwa. "Muzigwira khoma!"